Ndinatontholetsa Njinga ya Alamu Anga

Ine ndine Lorenso, wokonza njinga pansi pa mtengo wa nimu pafupi ndi msika wa nsomba pa Bangula. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuwongola masipoko, kumata machubu ndi kumvetsera mabodza a anthu a kabaza. Pa ntchito zonse zimene manja angawa agwira, yabwino koposa ndinaigwira Lachinayi lina m'mwezi wa Okutobala, ndipo ndi yomweyo imene ndimachita nayo manyazi mpaka lero. Ndinatontholetsa buleki ya njinga ya alamu anga a Fanuel, osadziwa kuti phokoso limenelo ndilo linali umboni wokhawo umene mlongo wanga Clotilda anali nawo pa mlandu wa banja lake.

Fanuel sanali mlamu chabe kwa ine. Tinakulira limodzi, tinkawedza limodzi kudambo, ndipo ndine amene ndinabwera naye kwathu tsiku limene anaona Clotilda koyamba. Amalume athu atamwalira, unkhoswa wa banja lawo unagwera ine. Ndiye kuti mlongo wanga akakhala ndi dandaulo, khomo loyamba kugogoda linali langa.

Chaka china madzi osefukira atapita, Fanuel anapeza ntchito ku bungwe lina logawa mbewu kwa alimi a m'madimba. Anamupatsa njinga ya magiya, zija amati mauntini, yamatayala onenepa. Inali yokhayo ya mtundu umenewo kuchigawo chathu chonse. Njinga zathu zimaima ndi timphira tofinya limu, koma iyo inali ndi chimbale chachitsulo chobowokabowoka pakati pa gudumu, ndipo kachitsulo kena kooneka ngati chibwano kankaluma chimbalecho ndi timapadi tiwiri. Ine nditaiona koyamba manja anandiyabwa.

Fumbi la kuno silisiya chitsulo pamtendere. Patangotha milungu ingapo buleki yakutsogolo inayamba kulira pang'ono. Fanuel anachita zimene aliyense wa kuno akanachita. Kwathu kuno chitsulo chikalira timachithira oyilo, kaya ndi chitseko, kaya ngolo, kaya mjigo. Iye anapempha oyilo wakuda kuchigayo n'kuthira pachimbale paja mosaumira. Kuyambira tsiku limenelo njingayo inasiya kulira, inayamba kukuwa. Akangofinya buleki inkamveka ngati nkhumba imene akuimangirira pakaliyala. Anthu a pamsika anaipatsa dzina loti ambulansi.

"Alamu, bweretsani ndiione," ndinkamuuza akamadutsa pamtengo panga. "Buleki yotereyi siidya oyilo."

"Nkhabe, shamwali," ankakana akuseka. "Njinga ya bungwe siigwiridwa ndi amakaniko a pansi pa mtengo."

Mawu amenewo ankandibaya, ndisaname. Miyezi isanu ndi itatu anakhala akundikana, ndipo miyezi isanu ndi itatu njingayo inkakuwa ikamandidutsa ngati ikundinyoza.

Tsono kumbali ya banja zinthu sizinali bwino. Chaka chapitacho Clotilda anaitanitsa ankhoswa, akudandaula kuti mwamuna wake akuyenda ndi Annette, telala wina amene amakhala yekha kuseri kwa mtumbira wa njanji yakale. Nkhoswa ya kuchimuna ndi a Sebastiano, amalume ake a Fanuel, mkulu wa mpingo amene amakhala kutali chakumunsi kwa Nsanje. Atafunsa umboni, Clotilda analibe. Anamugamula kuti ndi nsanje chabe, anapepesa atagwada, ndipo anamuchenjeza kuti akadzabwerezanso popanda umboni ndiye kuti wosokoneza banja ndi iyeyo. Inenso tsiku limenelo ndinamukalipira. Ndinkakhulupirira mnzanga.

N'chifukwa chake Lolemba la sabata imeneyo, atabwera pamtengo panga atasenza beseni la utaka, sanandiululire zambiri.

"Achimwene, Loweruka masana mubwere kunyumba. Ndatumiza uthenga kwa a Sebastiano."

"Nkhani yomwe ija, mayi a Melissa?" ndinafunsa, ndikumutchula ndi dzina la mwana wake woyamba.

"Mudzamva komweko. Ulendo uno sindibwera chimanjamanja."

Lachinayi m'mawa, ndisanamwe n'komwe tiyi, ndinaona Fanuel akulowa kumpanda kwathu akukankha njinga ija. Sanakwere, sanafinye buleki. Nkhope yake inali ya munthu amene sanagone bwino. Anati mabwana akubwera kuchokera ku Blantyre sabata yamawa kudzayendera katundu wa bungwe. Akamva phokosolo n'kupeza oyilo wa kuchigayo pachimbale, amulanda njinga, mwinanso ntchito yomwe.

"Kuchokera pano mpaka ku Nchalo, ndani wina angaikwanitse?" anatero. "Ndinkangokusekani, alamu. Mmisiri ndinu nokha. Koma chonde, pakamwa. Akamva kuti yagwiridwa kunja, ndathera pomwepo. Ngakhale mlongo wanuyo asamve, mukudziwa akazi pamjigo."

"Pali Mulungu," ndinalumbira. "Sizituluka pakamwa panga."

Munthu wanzeru akanafunsa kuti bwanji lero, patatsala masiku awiri kuti tikhale pansi. Ine sindinafunse. Ndinali nditagwada kale pambali pa gudumu, mtima ukudumphadumpha ngati mwana amene wapatsidwa mpira watsopano.

Ndinachotsa gudumu lakutsogolo, n'kusolola kapini kogwira timapadi. Titatuluka tinali takuda bii, tonyezimira, tonona. Pamenepo ndi pamene panali matenda onse. Padi yomwa oyilo siigwira chimbale bwinobwino, imangoterera n'kugwira, kuterera n'kugwira, mofulumira kwambiri, ndiye kukuwa kuja. Atsopano pa Bangula simungawapeze, ndiye ndinakoleza mbaula. Ndinagwira kapadi kamodzi ndi pulayala pamwamba pa makala mpaka oyilo anayamba kutuluka thovu ndi utsi wonunkha. Utsi utatha ndinakaika pambali kuti kazizire kokha, osathira madzi. Kenako kachiwiri. Titazizira ndinayala sandipepa pagalasi lathyathyathya la windo losweka n'kumatikhula mozungulira mpaka kunyezimira konse kunatha.

Chimbale ndinachitsuka ndi madzi a sopo, n'kuchikhula pang'ono ndi sandipepa mbali zonse ziwiri, kenako n'kuchipukuta ndi sipiriti amene ndinapempha kwa wometa tsitsi. Fanuel anatambasula dzanja kuti amve kusalala kwake, ine n'kulimenya.

"Osagwira! Thukuta la chala chokha likwanira kuibwezera mawu."

Nditabwezera gudumu ndinaona kuti chimbalecho chikukhudza padi pamalo amodzi pakuzungulira kulikonse. Ndinaika mbale yoyera pansi kuti mpata uzioneka, n'kupeza popindika, n'kupawongola ndi sipanala pang'onopang'ono. Ndiye ndinamasula mabawuti awiri ogwira chibwano chija, ndinafinya buleki n'kuimangirira ndi mphira ya chubu kuti chibwanocho chidzikhazike chokha pakati, n'kumanganso mabawutiwo mosinthanasinthana. Pomaliza ndinapita nayo pakamtsetse ka kuseri kwa nyumba yathu. Ndinatsika kamtsetseko mwina ka makumi awiri, ndikufinya buleki mwapang'onopang'ono osaima kotheratu, kuti padi ndi chimbale zizolowerane. Dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuluma, malaya atamatirira kumsana, koma sindinalimve.

Ulendo womaliza ndinatsika mothamanga n'kufinya mwamphamvu. Njinga inaima nji, osatulutsa ngakhale kamawu. Ndinangomva fumbi likutsetsereka pansi pa tayala.

"Takhuta, shamwali, takhuta!" anathokoza Fanuel akundigwira mapewa. Anaseka nthawi yaitali kuposa mmene nkhaniyo inkafunira. Ine ndinaganiza kuti akusangalalira ntchito yake, ndipo tsiku lonselo ndinayenda motukula chifuwa. Ndinadzamva pambuyo pake kuti masiku awiriwo njingayo sanafike nayo kunyumba. Anauza mkazi wake kuti yatsala ku ofesi.

Loweruka masana tinakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pawo. A Sebastiano anakhala pampando, chipewa pabondo. Ine ndinakhala pambali pawo, Fanuel moyang'anizana nafe. Clotilda anakhala pamkeka ndi mayi Esinala, mnzake wa pamjigo amene anabwera ngati mboni. Ana anali atawatumiza kwa agogo awo.

Clotilda anafotokoza modekha, ngati munthu amene wakhala akukonzekera mawu ake kwa miyezi. Anati mjigo umene amatungako madzi uli mbali ino ya mtumbira wa njanji. Ukakhala pamenepo suona kuseri, koma umamva. Kuseriko kuli kanjira kotsetsereka, ndipo kumapeto kwa kanjirako kuli nyumba imodzi yokha, ya Annette. Masana ambiri, nthawi imene bambo a Melissa amati ali ndi alimi ku Nyachikadza, njinga yawo imakuwa ikutsika kanjira kameneko.

"Maso anga sanaone, bambo," anatero. "Koma njinga imeneyi ndi imodzi m'dera lonse lino, ndipo mawu ake ngakhale mwana amawadziwa. Lachitatu lomweli yalira. Mayi Esinala anali pomwepo."

Mayi Esinala anavomera kuti anamvadi, osati kamodzi.

Ndinayang'ana Fanuel. Iye sanandiyang'ane, ankachotsa kaudzu pathalauza.

"Njinga yake iti?" anafunsa mofatsa. Anadzuka, n'kupita kuseri kwa nyumba kumene anaibisa m'mawa wa tsikulo, n'kubwera akuikankha. "Amalume, inu mumakhala kutali, musangomva za m'maluwa. Inkalira kalekale, nthawi ya mvula. Onani nokha."

Anakwera, anazungulira bwalo, anafinya buleki patsogolo pathu. Zii. Anazunguliranso mothamanga, anafinyanso. Zii. Ntchito ya manja anga inagwira bwino kwambiri moti ndinafuna kulira.

Clotilda anadzuka theka pamkeka paja. "Ayi! Lachitatu lomweli imakuwa! Mwaichita chiyani?"

"Mjigo wanu uja ndi umene umalira," anatero Fanuel. "Chaka chonse sunalawe girizi. Munthu wansanje akamva chitsulo chilichonse amangoti ndi mwamuna wanga."

A Sebastiano anatembenukira kwa mboni. Mayi Esinala anayang'ana njinga, anayang'ana pansi, n'kuyamba kupotokola nsonga ya chitenje. "Mjigowo umaliradi," anatero motsitsa mawu. "Penu, mwina makutu anatinamiza."

Kenako mkuluyo anayang'ana ine. "A Lorenso, zitsulo ndi zanu, ndipo mwana uyu ndi wanu. Njinga iyi ili ndi vuto?"

Ndisanatsegule pakamwa Fanuel analowererapo, akumwetulira. "Alamu akudziwa kuti katundu wa bungwe sitiseweretsa. Njinga imeneyi ikapita, Melissa ndi ang'ono ake adya chiyani?"

Ndinamva bwino lomwe zimene ankandiuza. Ndinali nditalumbira pa dzina la Mulungu. Ndinaganiza za ana awo atatu, za ntchito imene inali yosowa ngati mvula ya Okutobala. Ndinaganizanso, ndivomere, za manyazi anga, kuti aliyense adziwa kuti Lorenso anapusitsidwa ndi mawu awiri okoma. Ndiye ndinasankha mawu amene sanali bodza.

"Mmene ndikuionera panopa," ndinatero, "ilibe vuto."

A Sebastiano anapuma mozama n'kuvala chipewa. Anati nkhani yatha. Kachiwiri konse mayi a Melissa anyozetsa mwamuna wawo popanda umboni, ndipo apepese pamaso pa ankhoswa monga mwa mwambo. Zina tikambirana akapepesa.

Clotilda sanalire. Anandiyang'ana ine, osati mwamuna wake, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakonza chitenje chake, anasendera kutsogolo kwa Fanuel, n'kuyamba kutsika. Ndinaona bondo lake lamanja likufika pafumbi.

"Dikirani!"

Mawuwo anatuluka mokweza moti nkhuku zinathawa. Ndinalowa kukhitchini kwa mlongo wanga, ndinapeza botolo la mafuta ophikira, n'kuviika zala ziwiri. Nditatuluka ndinalanda njinga m'manja mwa Fanuel n'kupaka mafutawo pachimbale chija, mbali zonse ziwiri, chimbale chimene ndinachipukuta ndi sipiriti ngati chilonda cha mwana wanga. Ndinakwera n'kuyamba kuzungulira bwalo. Kufinya koyamba sikunamveke kanthu. Kachiwiri inabuula. Kachitatu inakuwa, kukuwa kuja kwa nkhumba ya pakaliyala, moti agalu a kwa aneba anayamba kuuwa.

Mayi Esinala anagwira pakamwa. "Ndi yomweyo! Mayo ine, ndi yomweyo! Mjigo sulira choncho!"

Ndinatsika n'kunena zonse. Za Lachinayi m'mawa, za mbaula, za mabwana a ku Blantyre, za lumbiro langa. Ndinaonetsa a Sebastiano mizere ya sandipepa imene inali ikadali yatsopano pachimbale, ndi chala changa chimene chinapsa ndi pulayala.

"Munalumbira, alamu," anatero Fanuel. Kumwetulira kuja kunali kutachoka.

"Ndinalumbirira ntchito yanu. Mabwanawo akubwera liti?"

A Sebastiano anamufunsa funso lomwelo, kawiri. Fanuel anagwedeza phewa.

"Kulibe mabwana," anatero. "Ndipo ngati ndimapita kwa Annette, ndimapita. Mwamva tsopano." Ndiye anatembenukira kwa ine. "Inu musadzione ngati ngwazi. Ndinadziwa kuti ndikangokutchulani mmisiri mugwada pansi osafunsa kanthu. Ndakudziwani kuyambira tili ana."

Ndamenyedwapo m'moyo wanga, koma palibe chibakera chimene chinandipweteka ngati mawu amenewo. Munthu amene ndinkagawana naye mbatata yootcha m'bwato, amene ndinamupatsa mlongo wanga ndi manja awiri, anakhala pansi n'kundiyeza bwinobwino, n'kupeza pofooka panga, n'kukanikiza pomwepo. Sanapite kwa makaniko wina ku Nchalo. Anasankha ine dala, nkhoswa ya mkazi wake, kuti pa tsiku la mlandu pakamwa panga pakhale pomangidwa kale.

Anatenga njinga yake n'kutuluka pampanda. Pokhota kulowa mumsewu anafinya buleki mosaganiza, ndipo inakuwanso. A Sebastiano anavula chipewa n'kupepesa kwa Clotilda m'malo mwa banja lawo lonse. Anati abweranso ndi akuluakulu ena. Atanyamuka, mayi Esinala anawaperekeza, ndipo pabwalo tinatsala awiri.

Ine ndinkapukuta mafuta m'zala, ndipo ndisabise, ndinkayembekezera kamawu kothokoza. Ndinali nditaphwanya lumbiro, nditawononga ntchito yanga yabwino koposa, nditataya mnzanga wa ubwana, zonsezo chifukwa cha iye. Clotilda anali atakhala pamkeka akusasa fumbi pabondo.

"Achimwene," anatero osakweza mutu, "pamene anafinya buleki koyamba njinga n'kukhala chete, munadziwa nthawi yomweyo chimene chachitika?"

"Ndinadziwa."

"Pamene Esinala anayamba kukayika, munkadziwa?"

"Eya."

"Pamene a Sebastiano anakufunsani?"

Ndinayamba kufotokoza za lumbiro, za ana, za ntchito. Anakweza dzanja.

"Kuti munaikonza, sindikukuimbani mlandu. Anakunamizani monga ankandinamizira ine. Koma miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikuima pamjigo paja, chidebe chitadzaza kale, kudikira kuti ndimve chinthu chimene chinkandidula mtima, kuti tsiku lina ndidzakhale ndi chonena pamaso panu. Lero mwaona zonse, ndipo munadikira kuti bondo langa lifike pansi."



Fanuel anasamukira kuseri kwa njanji mwezi womwewo. Ntchito sanamuchotse, njinganso akadali nayo. Palibe amene anaikonzanso, ndipo tsiku lililonse imakuwa ikamakhota pafupi ndi msika. Anthu a kabaza amandiseka kuti mmisiri wa pa Bangula yamukanika ambulansi. Ine sindikweza mutu, ndimangopitiriza kumata chubu.

Clotilda amadutsa pamtengo panga m'mawa uliwonse atasenza beseni lake. Sanandikwiyire poyera, ana amabwera kwathu, pamaliro timakhala limodzi. Amaima pang'ono, amapinda mawondo mwaulemu monga amachitira kwa munthu wamkulu aliyense wa pamsika, n'kundipatsa moni.

"Mwadzuka bwanji, a Lorenso?"

Chichokereni Loweruka lija sananditchulenso achimwene.